Mbale ya ku China ndi Mphika wa Dothi

Anzathu ophunzira, lero tiika ziwiya ziwiri pa mphasa kuti tiziweruze. Coyamba ndi mbale yoyera, ya maluwa obiriwira ngati thambo, imene inabvuulidwa m'nyanja yamcere pafupi ndi cilumba ca Moçambique. Caciwiri ndi mphika wakuda wa dothi, wonga uja umene mapale ace timawatema ndi khasu polima m'mabwinja. Mbale ija anthu olemera a ku Ulaya amailimbirana ndi ndalama zambiri. Phale la mphika ife timaliponya kumalire a munda pamodzi ndi miyala. Kodi mlandu umenewu tinauweruza bwino? Tisanayankhe, tiyeni tione ciwiya ciriconse pacokha.

Mbale ya m'nyanja

Caka ca 2001 anthu odziwa kumira m'madzi, a kampani yochedwa Arqueonautas, anapeza zotsala za combo ca Apwitikizi pafupi ndi linga la São Sebastião. Akatswiri amati comboco ndi Espadarte, cimene cinamira caka ca 1558 pobwerera kucokera ku India. Pansi pa mcenga panali golide ndi mbale zambirimbiri za ku China.

Mbalezi zinaumbidwa m'masiku a mfumu Jiajing, wa ufumu wa Ming. Pa imodzi mwa izo pali malemba a Cichaina ochula caka cimene pa kawerengedwe kathu ndi 1553. Taonani phindu la kulemba. Wolembayo anafa kalekale, koma zilembo zocepa zimene anasiya zikutiuzabe zaka za nchito yace.

Mbale zotere zinkaumbidwa makamaka mu mzinda wa Jingdezhen. Oumba a kumeneko ankatenga dothi loyera lochedwa kaolin ndi kulisakaniza ndi mwala wosinjasinja. Ankaumbira pa gudumu lozungulira. Mbale ikauma ankailemba maluwa, mbalame ndi nyama, ndi utoto wocokera ku mwala wa kobalti. Pamwamba pace ankathira madzi a mwala amene pamoto amasanduka galasi. Potsiriza ankaiocha m'ng'anjo ya moto waukali, wofika madigiri 1,300.

Munthu angaizindikire bwanji mbale yotere? Mukaiyang'anitsa ku dzuwa, kuwala kumalowa pang'ono pamene pali popyapyala. Mukaigogoda ndi cala imalira ngati belu. Ikasweka, m'kati mwace mumaoneka moyera ngati dzino, ndipo simulowa madzi. Maluwa ace ali pansi pa galasi, cotero sapalika ndi mpeni. Ndico cifukwa cace anakhala zaka 443 m'madzi amcere osafufutika. Cina ndi ici: maluwa olembedwa ndi dzanja safanana ndendende. Mzere pena ukula, pena ucepa, monga mmene malemba athu acitira m'makope. Mbale za m'sitolo za masiku ano, zodindidwa ndi makina, zimafanana zonse ngati mapasa.

Tiyenera kubvomereza kuti mbale imeneyi ndi yokongola. Ndi yopepuka m'manja. Kuyera kwace kumacititsa utoto wobiriwira kuoneka bwino. Wolemba maluwa anali ndi dzanja lozolowera: mizere yocepa cabe, mbalame yaima kale. Koma tisaiope mpaka kulephera kuona zolakwa zace. Mbale zotumiza kunja zinkaumbidwa mazanamazana, za msika, ndipo zina zinalembedwa mothamanga. Pena utoto unayenderera, pena mcenga wa m'ng'anjo unamatirira kunsi. Ndiponso mbale yotere iribe munthu mmodzi woiumba. Caka ca 1712 wansembe wa ku France, d'Entrecolles, amene ankadziwa bwino mzinda wa Jingdezhen, analemba kuti ciwiya cimodzi cinkatha kudutsa m'manja mwa anchito 70. Wina ankalemba mizere ya m'mphepete yokha, wina maluwa okha. Tikamayamikira mbaleyi, tikuyamikira thukuta la anchito ambiri amene maina ao sanalembedwe.

Mphika wa m'bwinja

Mphika wathu umaumbidwa ndi mai mmodzi, kuyambira ku mtapo kufikira pamoto. Iye amadziwa dambo kapena culu cimene ciri ndi dothi labwino. Amalibviika, amalisinja, amacotsamo timiyala. Dothi likakhala lomata kwambiri amathiramo mcenga kapena mapale akale osinja, kuti lisang'aluke pouma ndi poocha. Alibe gudumu. Amakweza khoma la mphika ndi zala, amalipala ndi cigoba, amalikulungiza ndi nkhulungo. Mphika umaumira pamthunzi masiku angapo. Kenaka amauocha pamtetete ndi nkhuni, makungwa ndi udzu. Moto umenewu umafika madigiri 600 mpaka 900.

Ena amati mphika ndi ciwiya cotsika cifukwa ndi wokhuthala, wakuda, ndipo umatuluka thukuta. Amene atero sanafunse nchito yace. Thako lace lozungulira limakhazikika pa mafuwa atatu, ndipo malawi amalizinga mofanana. Limakhalanso bwino pa nkhata. Mcenga umene uli m'dothi ndiwo umathandiza mphika kupirira moto tsiku ndi tsiku. Mbale ya ku China mutaiika pa mafuwa ingasweke ndiwo zisanapse. Mtsuko uli ndi khosi lopapatiza kuti madzi asatayike pa njira yocokera kudambo. Thukuta lace liri ndi nchito: madzi ocepa amatulukira m'timabowo tosaoneka, ndipo mphepo ikawaumitsa, otsala m'kati amazizira. Mkhate ndi wotseguka kukamwa kuti manja alowe. Mbiya ndi yamimba kuti mowa uwire momasuka. Maonekedwe a ciwiya ciriconse anacokera ku nchito yace, ndipo kukongola kwace kuli pomwepo.

Zolemba za pamphika nazo ziri ndi mwambo wace. Woumba waluso salemba thupi lonse. Amasankha khosi kapena phewa, pamene maso amafikira msanga, ndipo amazunguliza mzere umodzi wa timakona kapena wa timadontho, wonga mphini. Mzerewo uyenera kukumana bwino pamene unayambira. Iye sapima ndi cingwe, amapima ndi maso, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wophunzira. Mawanga akuda ndi ofiira amene moto umasiya pa khoma si cirema. Amaonetsa pamene nkhuni zinagona, ndipo palibe miphika iwiri ya mawanga ofanana.

Sikuti mphika uliwonse ndi wabwino. Ulipo wopendama, umene mbali ina ndi yokhuthala, ina yopyapyala. Ulipo wosapsa, umene mukaugogoda umalira mogonthera ndipo sucedwa kufumbutuka. Iliponso mitsuko ya masiku ano youmbira alendo, yopakidwa penti wa mafuta wofiira ndi wacikasu. Pentiyo amatseka timabowo tija, madzi sazizira, ndipo maluwa ace amabisa dzanja la woumba. Mtsuko wotere wasiya nchito yace kuti ukondweretse maso a munthu amene sadzamweramo madzi. Mphika wabwino ndi wa khoma lolingana, wolira bwino, wa zolemba zocepa zokhala pamalo pace.

Kuwerenga mapale

Phale liribe zilembo, komabe limawerengeka. Mwana wamkazi amaphunzira kuumba kwa amai ace kapena kwa ambuye ace, ndipo amatenga kaumbidwe kao. Cotero anthu a dziko limodzi ndi nyengo imodzi amasiya mapale ofanana. Akatswiri ofukula zakale amayang'ana zinthu zinai: mlomo wa mphika, kukhuthala kwa khoma, zolemba zace, ndi malo amene phale lapezeka.

Mapale a mtundu wa Nkope anatenga dzina la doko la Nkope, kummwera kwa nyanja yathu ya Niassa, tsidya la Malawi. Kumeneko Keith Robinson anawafukula m'zaka za m'ma 1960. Ndi okhuthala, a milomo yonenepa yopindikira kunja, ndipo mizere yace ndi yotakata. Anaumbidwa ndi alimi oyamba odziwa citsulo, amene anafika m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kummwera kwa dziko lathu, ku Matola pafupi ndi Maputo, kunapezekanso mapale a alimi oyamba, akale kwambiri cimodzimodzi.

Mapale a mtundu wa Mawudzu ndi a pambuyo pace. Ndi opyapyala, ndipo zolemba zace ndi zazing'ono. Amenewa ndiwo ankaumbidwa m'masiku a ufumu wa Maravi. Kummawa kwa Zambia kuli mtundu wochedwa Luangwa, umene unayamba zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Umadziwika ndi timadontho todindidwa ndi kacida ka mano ngati cipeso. Amai Acicewa ndi Acinsenga anapitiriza kaumbidwe kameneka kufikira m'zaka za m'ma 1900.

Nayi nzeru ina imene mlimi aliyense angaigwire. Cimanga cinacokera ku America, ndipo cinafika mu Afrika pambuyo pa ulendo wa Columbus wa caka ca 1492. Tsono phale lokhala ndi zipsera za citsononkho silingakhale lakale kuposa nthawi imeneyo, ngakhale wogulitsa atalumbira motani.

Koma mboni yaikulu ndi malo. Kudzala, phulusa la dzulo limakhala pamwamba pa phulusa la caka catha. M'bwinja ndi cimodzimodzi: za pansi ndi zakale kuposa za pamwamba. Makala opezeka pamodzi ndi phale amatumizidwa kukapimidwa, ndipo amaonetsa zaka zimene zapita cifere mtengo wace. Phale likacotsedwa pamalo pace popanda kulemba, mboni zonsezi zimatayika.

Ziwiya ziwirizi zinadziwana kale

Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'dziko la Malawi, kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Ufumu umenewu ndi wathunso, pakuti mphamvu zace zinafika m'dziko lino, ndipo dzina lace liripobe m'boma la Marávia, m'cigawo ca Tete. Katswiri wa ku Malawi, Yusuf Juwayeyi, anafukula pamalopo. Anapeza mapale ambirimbiri a Mawudzu, mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, zidutswa za minyanga ya njobvu, ndi tizidutswa ta mbale za ku China.

Tizidutswato tinali tocepa pakati pa mulu wa mapale a dothi. Timatiuza kuti Amaravi ankacita malonda ofika ku nyanja yamcere. Mapale a dothi amatiuza zambiri koposa: mtundu wa anthu amene anakhala pamenepo, ziwiya zimene ankaphikira, ndi mibadwo imene mudziwo unakhala. Kacidutswa ka ku China katakhala kokha m'thumba la wogula, sikanganene kanthu za Kalonga. Kakulankhula cifukwa kanapezeka pakati pa miphika ya amai a pamudzipo.

Ku Chibuene, pafupi ndi Vilankulo, Paul Sinclair anapeza mudzi wakale wa m'mbali mwa nyanja caka ca 1977. M'menemo munali miphika ya dothi ya eni dziko, mikanda ya galasi, ndi mapale onyezimira ocokera ku maiko ozungulira nyanja ya Persia. Malonda amenewa analipo zaka zoposa 1,000 zapitazo. Sukulu ya atsamunda inkayamba mbiri ya dziko lino ndi Vasco da Gama, amene anafika caka ca 1498. Mapale a ku Chibuene anaonetsa kuti makolo athu anali kucita malonda ndi maiko akutali zaka mazana ambiri iye asanabadwe.

Wofuna kudziwa ndi wofuna kukhala naco

Pali anthu a mitundu iwiri amene amafuna ziwiya zakale. Wina amafuna kudziwa, wina amafuna kukhala naco. Wofuna kukhala naco amasankha cosasweka ndi cosowa. Amafunsa mtengo. Safunsa za makala kapena za dothi limene ciwiyaco cinagonamo.

Caka ca 2004 gawo la mbale ndi golide wa m'combo cija linagulitsidwa pa msika wa Christie's ku Amsterdam. Kampani ija inali ndi cilolezo ca boma, ndipo gawo lina linatsala m'nyumba yosungira zakale pa cilumbapo. Komabe akatswiri a zakale, a kuno ndi akunja, anadandaula, ndipo ife tiona kuti dandaulo lao linali lomveka. Katundu wa m'combo cimodzi ali ngati buku limodzi. Mukang'amba masamba ena ndi kuwagulitsa kwa anthu osiyanasiyana, tsamba lirilonse lingakongoletse khoma la mwini wace, koma bukulo silidzawerengekanso lonse. Pangano la UNESCO la caka ca 2001 limanena kuti zakale za pansi pa madzi zisasanduke malonda.

Njira ina inaoneka ku Manyikeni, m'cigawo ca Inhambane, kumene kuli linga la miyala la mtundu wa Zimbabwe. Dziko litalandira ufulu caka ca 1975, akatswiri a Universidade Eduardo Mondlane anafukula pamenepo pamodzi ndi alimi a m'midzi yozungulira. Alimiwo anagwira nao nchito, ndipo anaona ndi maso ao zimene akale anasiya. Caka ca 1979 panatsegulidwa nyumba yoonetsera zopezekazo pamalo pomwepo. Mwa njira imeneyi zakale zinaphunzitsa eni ace.

Nkhani imeneyi si ya ku nyanja yamcere kokha. Ogula zakale amafikanso m'midzi. Amafunsa mbiya za ambuye, mikanda yakale, ngakhale timiphika ta pa kacisi ndi miphika yoboola ya pamanda. Ndalama zimene apereka zimatha pa msika umodzi. Mbiya ikapita yapita. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Kumene kuli ogula, onyenga sasowa. Ena amatenga mphika wa dzulo, amaupaka mwaye kapena polishi wa nsapato, amaukwirira m'dothi masabata ocepa, nkuucha wakale. Mphika umene unagwiradi nchito umadziwika. Thako lace ndi lotha cifukwa ca kukhuzika pansi. Mlomo wace unaperesedwa ndi mthiko. Mwaye wace uli kunsi ndi m'mbali, kumene malawi ankanyambita. Mwaye wopaka umakhala ponseponse, ngakhale pamene moto sufika.

Nchito yathu

Lamulo nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, limateteza cuma ca cikhalidwe ca anthu a Moçambique. Munthu akapeza zinthu zakale m'nthaka ayenera kudziwitsa akuluakulu a boma a m'dera lace. Cotero tikatema mapale oculuka pamalo amodzi, tisakumbe mofunafuna. Tiike cizindikiro, tiuze a mfumu ndi a boma. Ife amene taphunzira kulemba tiri ndi nchito yatsopano: kulemba tsiku, dzina la malo, kuya kwa pamene phale linali, ndi kujambula zolemba zace m'kope.

Tipitenso kwa amai oumba amene alipobe. Tiwafunse maina a ziwiya ndi a zolemba zao, ndiponso amene anawaphunzitsa. Tilembe zonsezi zisanaiwalike, pakuti ndowa za pulasitiki ndi mapoto a citsulo zalanda malo a mtsuko ndi mphika m'nyumba zambiri. Dzina la woumba likalembedwa, luso lace limaoneka. Mai Reinata Sadimba, Mmakonde wobadwira ku Mueda caka ca 1945, anayamba ndi miphika ya panyumba imene anaphunzira kwa amai ace. Pambuyo pace anaumba zifaniziro za anthu, ndipo nchito zace zinaonetsedwa ku Maputo ndi ku maiko akunja. Dothi lace ndi dothi lomweli limene ena amalinyoza.

Tsono cabwino nciti? Pa kuyera, kupyapyala ndi kulimba kwa utoto, mbale ya ku China yapambana. Pa kuphika, kuziziritsa madzi ndi kusenzeka pamutu, mphika ndi mtsuko zapambana. Pa kunena mbiri ya anthu a kuno, phale la dothi liposa mbale ija kutali, cifukwa linaumbidwa kuno, linagwira nchito kuno, ndipo limapezeka m'mabwinja ambirimbiri. Mtengo wa pa msika wa ku Amsterdam umayesa kusowa kwa cinthu ndi kulemera kwa ogula. Luso la woumba suliyesa. Anchito a ku Jingdezhen ndi amai a ku Mankhamba onse anali amisiri. Tiwalemekeze pamodzi, posunga nchito zao pamene ana athu angazione ndi kuziwerenga.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zinai zimene akatswiri amayang'ana pa phale.
2. Cifukwa ciani madzi a mumtsuko wopakidwa penti sazizira?
3. Kodi pafupi ndi mudzi wathu pali bwinja la mapale? Akuluakulu amati panakhala yani?
4. Munthu atabwera kudzagula mbiya ya ambuye anu, mungamuyankhe ciani?
5. Lembani maina a ziwiya za dothi zimene ziri m'nyumba mwanu, ndi dzina la amene anaziumba.